Zithunzi Zoyambira Kumapeto

Tsiku limene ndinawauza achimwene anga a Lyson kuti ndikupita ku England, anali atagwada pambali pa pikapu ya munthu wina, akuwongola chitseko. Sanadzuke n'komwe. Anangoimitsa hamala m'mwamba n'kundifunsa kuti, "Iwe Levi, ukutsatira ntchito kapena ukutsatira mkazi?"

Ndinati zonse ziwiri, koma linali bodza. Ndinkatsatira mkazi. Mkazi wanga Esnath anali atatsogola kale, nthawi ija anamwino ankachoka m'zipatala zathu zaka za m'ma 2000 zitangoyamba, ndipo anali atapeza malo pachipatala china ku Walsall. Ine ndinatsala ku Lilongwe ndi mwana wathu Tadala, ndikulimbana ndi kupesa tsitsi la mwana wamkazi ndi manja a girisi. Mapepala athu atatuluka, sindinachedwe kumanga katundu.

Galaja ya achimwene ili ku Biwi, pansi pa shedi ya malata. Iwo ndi amene anandilera bambo atamwalira, ndiponso ndi amene anandigwiritsa hamala koyamba. Ku Biwi owongola magalimoto ndi ambirimbiri, koma a Lyson ankadziwika ndi chinthu chimodzi: sankadalira fila, phala lija timapaka pagalimoto kuti pasalale tisanathire penti. Anzawo ankamata fila ngati akuzira nyumba. Iwo ayi. Pamene papindika ankamenya chitsulo mpaka chibwerere mwakale, ndipo pamene padya dzimbiri ankadulapo n'kuwotcherera chitsulo china. Ankachedwa, makasitomala ankadandaula, ndalama sizinkaoneka, koma munthu akafuna kuti galimoto yake ikhale galimoto ankabwera kwa a Lyson. Dzina limenelo ndi chuma chokhacho chimene anali nacho, ndipo ine ndinawawonongera ndili kutsidya kwa nyanja, ndikuseka pafoni.

M'thumba la ovolosi yawo munkakhala maginito ochokera m'sipika ya wailesi yakufa. Galimoto iliyonse ikangolowa ankayendetsa maginito aja m'mbali mwake. Akagwira, ndiye kuti pali chitsulo. Akagwa, ndiye kuti wina anadutsapo ndi fila n'kunamiza mwini wake. M'mawa wa tsiku lonyamuka anawatulutsa n'kundifumbatitsa.

"Tenga. Kumeneko azungu sanama pantchito, koma tenga basi, uzindikumbukira."

Ndinaseka, ndinawaponya m'thumba la jekete. Sindinafunse kuti nanga iwo azigwiritsa ntchito chiyani.

Miyezi yoyamba ku Walsall ndinatsala pang'ono kupenga, ndisaname. Munthu wokulira m'phokoso la ku Biwi n'kumuika m'kanyumba koti ukangokhoma msomali aneba akugogoda khoma! Esnath ankachoka kukada, kubwera atatheratu, mawu ake ali ma shifiti, ma bill, rent. Ine ntchito yanga inali kuperekeza mwana kusukulu n'kubwerera kukayang'ana pawindo mvula yosadziwa kuti ikufuna kugwa kapena ayi. Kutchalitchi cha Amalawi ankandilonjera kuti "amuna awo a sister Esnath", dzina langa osalidziwa. Tadala naye sanachedwe kutembenuka lilime. Ndikamuitana monga timaitanira ana kwathu ankangoti, "Dad, you're shouting." Ndinalowako ku warehouse kukalongedza makatoni, koma manja anga ankayabwa.

Loweruka lina ndinakwera basi kupita kumsika wa ku Bilston kukafuna nsapato zotchipa. Ndikutsika, ndinamva hamala ikulira pachitsulo kuseri kwa mafakitale akale. Abale, zinali ngati ndamva mawu a mbale wanga. Ndinatsatira phokoso lija mpaka ndinafika pa galaja ya mzungu wina wachikulire, a Dez, bambo wa mimba yake, amene anagwirapo ntchito kufakitale ya zitsulo isanatsekedwe. Iwo ankakonzanso magalimoto akale a ku Amereka, aja amawatcha ma muscle car: zitseko ziwiri, mphuno yaitali, injini yoti akailiza malata amanjenjemera. Azibambo a kumeneko ankawaitanitsa pasitima, ena atawalota kuyambira ali anyamata. Pakhomo panali ina yakuda, yonyezimira. Dzanja linangopita lokha m'thumba, ndinaika maginito m'mbali mwake, chapamwamba pa tayala lakumbuyo, ndipo anagwa pansi kuti phi. A Dez anaseka mpaka kutsokomola, n'kundionetsa awoawo amene anawamata pafiriji. Anati ndibwere Lolemba.

Ntchito imene anandipatsa inali yofukula. Kuwotcherera ankachita okha, amvekere za inshuwalansi ndi mapepala amene ine ndinalibe. Ine ndinkapala penti ndi girayinda kuti tione zimene zili pansi. Koma zimene tinkapeza, inu! Nyuzipepala zachikasu za ku Amereka zotsendera m'chibowo. Waya wa khola la nkhuku wopindidwa bwinobwino, pamwamba pake fila wochindikala ngati njerwa. Thovu louma lija amatsekera mipata m'nyumba. Tsiku lina ndinatulutsa sokosi, lina chidutswa cha chikwangwani cha pamsewu chokhomedwa ndi misomali. Zonsezi zinkakhala pansi pa penti wowala woti umadzionera nkhope. A Dez ankazikhoma pakhoma lina lomwe ankalitcha khoma la manyazi, ndipo tikamamwa tiyi tinkaliyang'ana n'kumafa nacho chikhakhali. Ndinkati mumtima, achimwene akanaona izi akanasiya zoti azungu sanama.

Eni magalimoto okha ndi amene sankaseka. Ndimakumbukira bambo wina wa ku Telford amene anagula galimoto yofiira ndi ndalama zake zopumira pantchito. Atabwera n'kuona kuti mbali yonse yakumbuyo inali waya ndi fila, chitsulo chitatha kalekale, anakhala pa tayala n'kugwira mutu. Anati anali atakwezamo kale adzukulu ake. Chifukwa cha anthu otere, a Dez ankajambula chilichonse kuti mwini asadzati tikumubera. Choyamba galimoto mmene yabwerera, ikuwala. Kenako penti atapalidwa, fila akuonekera. Kenako waya. Pomaliza chibowo chenichenicho, m'mbali muli dzimbiri lokhalokha. M'zithunzi zonsezo ndinkakhalamo ine, chifukwa iwo ndi amene ankagwira kamera. Ankati, "Smile, Levi," ine n'kuimika chala chachikulu m'mwamba, mano onse pamtunda.

Kumudzi ndinkaimba ndi makhadi aja ogula pashopu yapakona, ochita kupala ndi khobidi. Nkhani zake zinali zomwezomwezo: feteleza, fizi ya ana, ndani wadwala, ndani watisiya. Ndinkatumiza kangachepe pamene ndakwanitsa. Achimwene akafunsa za ntchito ndinkakweza mawu: "Tikukonza magalimoto a ku Amereka, achimwene, oti simunawaonepo chibadwire!" Zoti ine sindiloledwa kugwira moto sindinawauze. Ndikanayamba bwanji? Munthu amene anandiphunzitsa kuwotcherera ndili ndi zaka zosamera ndevu, ndimuuze kuti ndinakwera ndege kukapala penti?

Iwo ankangokakamira chinthu chimodzi, zithunzi. "Titumizire tione kumene ukugwira, anthu kuno akumafunsa." Zithunzi zokha zimene ndinali nazo za kuntchito zinali zotsala za a Dez, za galimoto yofiira ija. Mnzake wa Esnath, Anti Joyce, atati akupita kumudzi kutchuthi, ndinazitolera mmene zinalili, zosakanikirana, n'kuziponya mu envelopu, n'kumupatsira pamodzi ndi juzi imene ndinawagulira achimwene. Sindinalembepo kanthu kumbuyo. Ndinkati wowongola magalimoto aliyense akangoona waya wa nkhuku m'galimoto aseka yekha. Komanso ndinene zoona: chimene ndinkafuna kuti aone si waya. Ndinkafuna aone simenti yoyera ya pansi, makina okwezera galimoto, ndi ovolosi yanga yolembedwa dzina pachifuwa.

Patapita milungu ingapo ndinaimba ndili pa siteji ya basi, mphepo ikuwomba m'foni.

"Zithunzi ndaziona," anatero achimwene. "Waya uja ndi wa khola la nkhuku, eti?"

"Womwewo, achimwene!" Ine ndinali nditayamba kale kuseka. "Kuno ndiye amaugwiritsa ntchito koopsa. Pafupifupi galimoto iliyonse imene timagwira."

"Azungu?"

"Azungu enieni! A ku Amereka!"

"Ndipo penti amagwira bwinobwino pamwamba pake?"

"Mwaona nokha kuwala kwake. Munthu sangadziwe n'komwe!"

Ndinadikira kuti aseke. Sanaseke. Anangoti, "Chabwino. Mwatiphunzitsa." Mawu a mayi wa kukampani ya khadi analowerera kuti nthawi yatsala pang'ono, ndipo basi yanga inali itafika.

Mawu amenewo ndinawamva bwinobwino. Sanati "watiphunzitsa", anati "mwatiphunzitsa". Munthu amene ananditcha iwe moyo wanga wonse, amene ankandikoka khutu ndikawotcha chitsulo, anandipatsa ulemu wa inu. Kuyambira tsiku limenelo ndinakhala "a Levison". Ndikanakhala munthu wabwino ndikanadabwa, ndikanagula khadi lina n'kufunsa kuti achimwene, mwatani? Koma zinandikomera. Ku Walsall ndinali amuna awo a sister Esnath, ku Bilston ndinali wopala penti, ndiye panali malo amodzi padziko pamene ndinali a Levison. Ndinakhala m'basi muja ndikumwetulira ndekha ngati chitsiru.

M'zaka zotsatira alamu anga, akazi awo a achimwene, anayamba kunena nkhani zabwino pafoni. Amvekere kugalaja kukudzaza, magalimoto sakugonanso pashedi, nyumba afolera malata atsopano. Za feteleza anasiya kutchula. Ndinamuuza Esnath monyadira kuti waona, achimwene anthu awazindikira tsopano. Esnath, amene saona chinthu n'kungochisiya, anafunsa kuti, "Munthu wochedwa uja wayamba liti kufulumira?" Ndinamuyankha kuti asiye nsanje.

Chakumapeto kwa zaka zimenezo zinthu zinavuta ku England. Anthu anasiya kuitanitsa magalimoto a maloto, a Dez anayamba kundidula masiku, mpaka ndinabwereranso pawindo lija. Tinagwirizana ndi Esnath kuti ine nditsogole, ndikamalize nyumba yathu ndi kubwerera kugalaja ya achimwene, iye ndi Tadala adzabwere mwana akamaliza sukulu. Pabwalo la ndege Tadala, amene anali atatalika kundifika paphewa, anandikumbatira n'kuyesetsa Chichewa chake chopindika: "Mupite bwino, Dad." Ndinalira, osabisa.

Ndinafika ku Biwi masana. Chimene ndinayamba kuzindikira ndi makutu: kunalibe kulira kwa hamala. Kunkangomveka sandipepa, shwe shwe shwe, ndi kafungo kotsekemera ka fila kamene ndinkakadziwa bwino. Shedi inali itakula, maminibasi ali pamzere mpaka kumsewu. Pamwamba panali chikwangwani chachikulu chakuti LYSON AND BROTHER, UK STYLE. Achimwene anatuluka, imvi zili mbuu, atavala juzi ija kunja kukutentha. Anavula chipewa n'kundipatsa moni ndi manja awiri.

"Mwafika, a Levison. Tiyeni muone."

Ananditengera m'kachipinda kamene amasungira zida, madalaivala angapo akutitsatira. Pakhoma panali felemu yagalasi, yopukutidwa bwino, ndipo mkati mwake munali zithunzi zanga, zondandalikidwa mwaluso kuchokera kumanzere. Choyamba chibowo cha dzimbiri. Chachiwiri waya wa nkhuku atatseka chibowo. Chachitatu fila. Chomaliza galimoto yofiira ikuwala, ine pambali pake, chala m'mwamba.

"Awa ndi eni ake njira ija," achimwene anawauza madalaivala. "Mng'ono wanga. Anaiphunzira kwa azungu."

Madalaivala anandigwira chanza mmodzimmodzi. Mmodzi anati, "Bwana, mwatipulumutsa. Kale kuno galimoto inkatha mwezi." Ndinayang'ana nkhope yanga m'galasi muja, mano onse pamtunda, ndipo ndinafuna kuimenya mbama. Koma ndikanawatsutsa bwanji akulu anga pamaso pa makasitomala awo, tsiku lofika? Ndinamwetulira. Mulungu andikhululukire, ndinamwetuliranso kachiwiri.

Tikutuluka, ndinaona minibasi yoyera imene ankaimalizitsa. Mzati wa chitseko chokoka chija, pamene kondakitala amagwira akamalendewera, unali utangopakidwa kumene, wosalala bwino. Dalaivala wake anati aitenga mawa m'mawa, imayenda msewu wa ku Dedza. Kunyumba alamu anapha nkhuku, ana anabwera kudzaona bambo awo aang'ono a ku UK, koma ine ndinangodyako pang'ono. Ndinkangoona dzanja la kondakitala pamzati uja, ndi bambo wa ku Telford atakhala pa tayala.

M'mawa ndinalawirira kugalaja antchito asanafike. Achimwene anali atafika kale, akusesa, monga mwa chizolowezi chawo. Sindinadziwe poyambira. Ndinangopita pa minibasi ija, ndinatulutsa maginito awo m'thumba, n'kuwaika pamzati. Anagwera m'fumbi.

Tsache linaima. Anayang'ana maginito aja nthawi yaitali, kenako anawerama n'kuwatola.

"Munawasunga," anatero.

"Achimwene, zithunzi zija munaziyambira kumapeto."

Ndinalowa m'kachipinda, ndinatsitsa felemu, ndinaitsegula n'kuyala zithunzi pa boneti, kuyambira ndi galimoto yowala. "Inabwera chonchi. Ife tinapala, tinapeza fila uyu. Pansi pake waya. Pansi pa waya, chibowo. Izi ndi zimene tinkachotsa, achimwene, tinkazikhoma pakhoma kuti tiziziseka. Ntchito yanga inali imeneyo basi. Ku England konse kuja sindinawotchererepo ngakhale kamodzi."

Anayendetsa chala pazithunzi zija, kuchokera kumanzere, kenako kuchokera kumanja. Sanakweze mawu. Bwenzi zili bwino akanandilalatira.

"Manja anga ankakana," anatero. "Tsiku loyamba kupinda waya uja ndinapita kuseri kwa shedi, ndinakhala pansi. Ndinkadziwa kuti si ntchito imeneyi. Koma ndinati, kodi ine wa ku Biwi ndingadziwe kuposa ku England? Mwana ndinamulera ndekha, wapita, waona, wanditumizira. Ndikane?"

"Bwanji simunandifunse?"

"Ndinakufunsani. Munati munthu sangadziwe n'komwe."

Ndinafunsa kuti magalimoto otere atuluka angati. Anangoloza ndi chibwano kumsewu, kumene maminibasi a m'mawa ankadutsa atadzaza, makondakitala akulendewera pazitseko, amayi atanyamula ana pamiyendo.

Anaika maginito m'thumba la ovolosi yawo, momwe ankakhala kale. Kenako anatembenuka n'kundiyang'ana monga ankandiyang'anira ndili mnyamata ndikawononga chitsulo.

"Iwe Levi. Waimiranji ngati mlendo? Tenga girayinda."

Dalaivala atabwera anapeza mzati tautumbula, waya ali pansi. Anakalipa mpaka anthu anasonkhana. Achimwene anamuuza pamaso pa onse kuti galimoto situluka sabata imeneyo, kuti ntchito inali yabodza, ndipo kuti aikonzanso osalipiritsa. Dzina langa sanalitchule. Ndinayesa kulankhula kuti wolakwa ndine, iwo anangonditambasulira dzanja kuti ndikhale chete. Nkhani inafalikira Biwi yense dzuwa lisanalowe. Amene ankawachitira nsanje anapeza poyambira, amvekere a Lyson aja ankanamiza anthu. Mzere wa maminibasi unatha, antchito ena anachoka, ndipo mawu akuti UK STYLE ndinawafufuta ndekha ndi penti wotsala. Alamu anatha nthawi akundiyankha moni ndi mphuno, ndipo sindikuwadandaula.

Ndili ku England ndinkaganiza kuti kumudzi anatiiwala, kuti amangotikumbukira feteleza akakwera mtengo. Si choncho ayi. Amatimvetsera, mwinanso mopitirira. Mawu amene ndinawalankhula ndikuseka, ndikuthamangira basi, analemera kuposa zaka zonse zimene achimwene anagwira hamala, chabe chifukwa anachokera kutsidya. Izi zimandiwawa kuposa manyazi onse amene ndinaona ku Walsall.

Masiku ano ndikuwotcherera, ndipo achimwene amaimabe kumbuyo kwanga n'kumandidzudzula. Loweruka m'mawa timapita kudepoti, iwo patsogolo ndi maginito, ine pambuyo. Timapempha madalaivala kuti tingogwirako pamzati ndi pansi pa mipando. Ena amatitukwana, ena amavomera, ndipo angapo tawabweza kugalaja n'kudula zonse. Koma ambiri anagulitsidwa, anapakidwa penti wina, ali ku Mzuzu kaya ku Zomba, sitidziwa. Esnath akaimba n'kufunsa kuti kumudzi kuli bwanji, ndimamuuza zonse tsopano, ngakhale zosakoma, mpaka foni ithe.

Pashedi pali wailesi imene imalira tsiku lonse. Ikangoyamba kunena za ngozi ya minibasi, mahamala athu onse awiri amaima okha. Sitiyang'anana. Timamvetsera msewu wake, mtundu wa galimoto, ngati ati tayala linaphulika kapena chitseko chinathothoka. Wowerenga nkhani akapita pa zina, timakhalabe choncho kanthawi, aliyense maso ali pachitsulo chake. Achimwene ndiwo amayamba kulankhula.

"Iwe, menya. Chitsulo chikuzizira."